Chipewa Chofiira pa Tchanelo 8

Halvard, Minnesota
24 Febuluwale

Wokondedwa mwana wanga Corinne,

Ndikhulupirira uli bwino ku Tucson kwanuko, kumene anthu sadziwa jekete. Ine ndilipo. Bondo ndi lomwe lija, ndipo makutu unawasiya ogontha aja akadali ogontha. Choncho leka kundiimbira foni. Ikalira sindiimva, ndipo ndikaiona ikuthwanima n'kuyankha ndimangomva ngati munthu akulankhulira m'chidebe. Uzilemba kalata, manja uli nawo. Undiuze za ntchito yako kuchipatala, komanso ngati mwamuna wandevu uja akadalipo kapena wathawa ngati anzake.

Mphepo ya mu Januwale inagwetsa eriyo ya padenga, ija anamanga bambo ako. Ndakhala milungu isanu wopanda TV, kumangoyang'anizana ndi khoma. Amene wandipulumutsa ndi msuweni wako Jolene. Ku laibulale kumene amagwira ntchito sakubwereketsa mabuku okha masiku ano, akubwereketsanso timabokosi takuda, kukula ngati sopo. Ukalumikiza ku TV umaonera matchanelo a kwathu kuno osalipira kalikonse, ndipo mawu amalembedwa m'munsi kuti agonthife tiziwerenga. Jolene anandilumikizira n'kundionetsa batani limodzi loti ndizidina. Ndinamufunsa kuti, "Zimene ndikuonazi n'zaliti?" Iye anandilembera papepala kuti, "Zapompano, azakhali. Zikuchitika inu mukuonera."

Ine changa ndi Tchanelo 8 basi, ndiponso m'mawa mokha. Zokangana za kukhonsolo sindinazionerepo ngakhale bambo ako ali moyo. Nyanja ya Sorrel yaundana bwino chaka chino, ndipo ozimitsa moto aika kale galimoto ija pa ayezi, yobiriwira yomwe ija yopanda injini. Kamera ikuiyang'ana monga mwa chaka ndi chaka. Matikiti olosera tsiku limene ayezi asungunuke galimotoyo n'kumira ayamba kugulitsidwa, ndipo ndagula limodzi. Ndalemba 19 Epulo, 8 koloko m'mawa, monga ankalembera bambo ako. Zaka makumi anayi akulemba tsiku la ukwati wathu osapambanapo ngakhale kamodzi, munthu wosamva uja.

Sindikudziwa kuti ampatsa ndani ntchito ya bambo ako ija, yoyendera wotchi imene imaima galimoto ikamira. Pali munthu amene akumabwera m'mawa uliwonse kudzaiona. Amatsimphina mwendo wamanzere.

Ndine mayi ako,
Ardis

*

Tucson, Arizona
3 Malichi

Okondedwa Amayi,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndiponso kuti mwapeza chocheza nacho. Mumuthokoze Jolene m'malo mwanga. Wandevu uja anapita, ndipo ndevuzo anapita nazo, musandifunsenso. Ntchito ndi yomwe ija, kutembenuza agogo, kuwamwetsa mankhwala, iwo n'kumanditukwana.

Zoti milungu isanu munali chete m'nyumbamo osandiuza zandipweteka. Mwana muli naye mmodzi, ndipo si mlendo woti muzimubisira eriyo. Mankhwala a magazi mukumwa? Mbaula mukumazimitsa mukamaliza kuphika? Musakwiye, ndafunsa chabe.

Za munthu wotsimphinayo musadabwe. Theka la amuna a ku Halvard anagwirapo ntchito mumgodi, ndipo woyenda mowongoka ndi abusa okha. Mumufunse Jolene, akuuzani dzina lake. Ndilembereni msanga.

Mwana wanu,
Corinne

*

Halvard
12 Malichi

Corinne mwana wanga,

Moni. Mankhwala ndikumwa, mbaula ndikuzimitsa, ndipo dzina la pulezidenti ndikulidziwa, ngati ndilo funso lako lotsatira. Tsopano khala pansi uwerenge bwinobwino.

Munthu uja ndi bambo ako.

Sindinafune kukuuza ndisanaonetsetse, ndiye ndamuonera masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, mpando nditausendeza pafupi ndi TV. Ikakwana 8 koloko amatulukira kumanzere, kuchokera ku kachilumba ka mitengo ya paini, njira yomwe ankadzera akamachoka pakhomo pano. Akafika amamenya tayala lakutsogolo kawiri ndi nsapato. Ndani wina amapereka moni kwa galimoto? Kenako amasuzumira wotchi, n'kukhala pa boneti, n'kuthira khofi m'chivundikiro cha fulasiki. Amakhala theka la ola akuyang'ana kumtunda ngati munthu wopanda mkazi womudikira, kenako amabwerera.

Nkhope sioneka bwino, kamera ili patali. Koma chipewa ndachiona. Ndi chofiira chija ndinamulukira ubweya n'kundithera, khutu limodzi lalitali, lina lalifupi. Unkachita nacho manyazi akabwera kudzakutenga kusukulu. Chipewa chimenecho, Corinne, ndinachiika ndekha m'bokosi lake, pachifuwa, zaka zitatu zapitazo. Unalipo, unaona.

Ndipo sali yekha. Lachinayi ndinaona Hilda Maki akudutsa ndi galu wake wamathothomathotho uja. Hilda tinamuika m'manda kalekale, ndipo pamaliro pake ndinaphika mbatata ndine. Akuoneka wonenepa bwino, kuposa mmene tinamuonera komaliza.

Tsiku loyamba ndinazimitsa TV n'kuiphimba ndi nsalu ya patebulo. Koma panopa sindichita mantha. Ukudziwa kuti tsiku limene anamwalira ndinachoka kuchipatala kudzamutengera magalasi, chifukwa ankadandaula kuti sakuona mpira. Pobwerera ndinapeza bedi atayala kale. Magalasiwo akadali m'thumba la jekete yanga. Zaka zitatu ndakhala ndikudzitukwana chifukwa cha ulendo umenewo. Tsopano m'mawa uliwonse ndimathira makapu awiri, iye akumwa uko, ine ndikumwa kuno.

Usauze munthu. Anthu a m'tauni muno pakamwa pawo sipatsekeka.

Mayi ako

*

Tucson
19 Malichi

Msuweni wanga Jolene,

Uli bwanji, ndi ana, ndi mlamu wanga waulesi uja? Ndikulemba kalata chifukwa nkhani iyi ndikayamba kuinena pafoni ndilira, ndipo iwe undiseka mpaka chaka chamawa.

Amayi akuti akuona bambo pa Tchanelo 8, pa kabokosi kako kaja. Akuti m'mawa uliwonse amabwera kugalimoto ya pa ayezi atavala chipewa chimene tinawaika nacho m'manda. Akuonanso malemu Hilda Maki ndi galu wawo. Jolene, ine ndimagwira ntchito ndi okalamba tsiku ndi tsiku, ndipo umu ndi mmene zimayambira. Lero akuthirira khofi munthu wakufa, mawa asiya mbaula ikuyaka, mkuja tiwapeza mumsewu atavala malaya ogonera.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, uonere tchaneloyo 8 koloko m'mawa kuntchito kwakoko, undiuze ngati pali munthu aliyense amene amabwera. Chachiwiri, upite ukawaone, koma usakatsutsane nawo. Munthu wotere ukamutsutsa amangouma mutu, ndipo amayi anabadwa ouma kale.

Ndalembera nyumba ina yosamalira okalamba ku Duluth kufunsa ngati kuli malo. Mtima ukundiwawa, koma sindingathe kuwayang'anira ndili kutali chonchi. Zimenezi usawauze, ndidzanena ndekha ndikabwera.

Msuweni wako,
Corinne

*

Halvard
27 Malichi

Corinne, mlendo wa ku chipululu,

Tili bwino tonse, ndipo mlamu wako akuti ulesi wake ndi umene ukumusunga wachinyamata.

Ndachita zimene unanena. Masiku atatu otsatizana ndafika kuntchito molawirira n'kuyatsa TV ya mu laibulale. Galimoto ilipo, akhwangwala alipo, munthu palibe. Ndinafunsanso kwa ozimitsa moto, akuti wotchi ya masiku ano amaiona pafoni, palibenso amene amayenda pa ayezi kukaisuzumira. Pepa msuweni, ndinkafuna ndikuuze zina.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinapita kukawaona. M'nyumba mwaukhondo, buledi ataphika, mbaula yozimitsa. Anandiwerengera mayina a ana anga ndi masiku awo obadwa, zimene bambo wawo sangathe. Koma nditangoyandikira TV anandimenya padzanja ndi chipande.

"Chotsa zala zako pamenepo! Ukagwira umuthamangitsa."

Ndinawakuwira kukhutu kuti kabokosiko kamabwerekedwa milungu inayi, nthawi yakwana, ena akudikira.

"Adikire. Amuna awo ali moyo."

"Azakhali, ndingoona ngati kakugwira bwino ntchito."

"Kakugwira bwino kuposa iwe. Idya buledi, uzipita."

Ndinadya buledi n'kumapita. Unati ndisatsutsane nawo, ndiye kabokosiko sindinakagwire, ndangowawonjezera masiku.

Koma ndikuuze chimene chandisowetsa mtendere. Pasinki panali makapu awiri otsukatsuka, ndipo pakhomo panali nsapato za bambo ako, amalume Eino, zija za pa ayezi, zopakidwa mafuta bwinobwino. Ndinawafunsa kuti n'zandani tsopano. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, amvekere, "Nsapato siuisiya kuuma mwini wake akuyenda."

Kuno kwayamba kutentha msanga chaka chino, madenga akudontha kale. Ubwere, Corinne, usadikire tchuthi cha mu Juni.

Jolene

*

Halvard
15 Epulo

Corinne,

Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa bwino.

Dzulo papositi pabwera kabuku kokongola kochokera ku Duluth. Pachikuto pali agogo awiri akuseka ngati awauza kuti aseke, ndipo m'kati muli kalata yothokoza mwana wanga Corinne chifukwa chofunsa za malo a mayi ake. Mwana wanga wophunzira, namwino wamkulu, polemba adiresi unalemba yanga. Ngakhale kundigulitsa kumene walephera kuchita mwaukhondo.

Ndinakuuza chinsinsi changa ngati mwana wanga, iwe unachiwerenga ngati namwino. Ndalira, sindikubisira. M'nyumba muno ndinalowa ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, pansi pake pakadali dothi, ndipo ndidzatulukamo miyendo ili kutsogolo. Sindidzapita kukakhala m'chipinda chonunkha mankhwala, kumadikira mwana wa eni kuti andiuze nthawi yokodza.

Ukuti mutu wanga wazungulira. Chabwino, ndikubweretsera umboni. Loweruka lino ndi pa 19, tsiku lathu. Ndidzavala n'kudikira pakhomo TV ili chiyakire. Ndikadzangomuona watulukira, ndidzanyamuka. Amakhala theka la ola pa boneti paja, ndipo kuchokera pagombe lathu kudzera kukachilumba ndi mphindi makumi awiri, ngakhale ndi bondo langali. Ndikampatsa magalasi ake, ndikamuuza mawu amene ndinatsala nawo, kenako ndikampempha chipewa. Ndidzakutumizira papositi, ukachionetse kwa anzako a ku Duluth.

Usayambe zondiuza za ayezi. Ndikudziwa kuti m'mphepete mwathu muno mwachita madzi, ndipo pamwamba pada. M'mphepete mumatero chaka chilichonse, ndiponya thabwa n'kuwoloka. Galimoto sioneka kuchokera pano chifukwa cha kachilumba, koma pa Tchanelo 8 ndikuona ndi maso anga, ayezi woyera mbee, wolimba ngati simenti. Dzulo lomweli mathiraki awiri adutsa pambali pa bambo ako. Kuyambira kale anthu a m'tauni muno timadziwira ayezi pa tchanelo imeneyi, ndipo sinanamizepo munthu.

Jolene sindimuuza. Ndaona kuti nonse ndinu amodzi.

Ardis Kivela

*

Tucson
17 Epulo

Okondedwa Amayi,

Papita mwezi wathunthu osalandira kalata yanu. Mwakwiya, kapena masitampa atha? Ine ndili bwino, kungoti kwayamba kutentha koopsa.

Ndapempha tchuthi cha mu Juni. Ndikabwera ndikufuna tidzapite ku Duluth, tikadye nsomba kumalo kuja mumakonda, tikaonenso malo ena ake amene mnzanga wandiuza. Kukangoona chabe, Amayi, palibe chokakamiza.

Ndakumbukira kuti Loweruka ndi tsiku lanu ndi bambo. Musakhale nokha m'nyumba tsiku limenelo. Mutulukeko, mukapitidweko mphepo, muyende pang'ono cha kunyanja. Bambo akanakonda zimenezo.

Mwana wanu wokukondani,
Corinne

*

Halvard
Loweruka, 19 Epulo

Corinne,

Azakhali ali moyo, ali bwino. Ndayamba ndi zimenezo kuti upume. Ndakuimbira katatu foni yako ili yozimitsa, ndipo zotsalazi si zosiya pa uthenga. Upirire ndi malembedwe.

Dzulo madzulo tikutseka laibulale kunabwera a Tollefson, aja ankagulitsa misomali, kabokosi kali m'manja. Amvekere, "Mwana iwe, a khonsolo apenga? Sabata yonse akukangana zomanga mlatho wa pamtsinje, chikhalirecho ine ndawoloka mlatho womwewo pobwera kuno." Ndinalumikiza kabokosi kawo, ndipo pompo ndinazindikira chimene chavuta. Chaka chatha tinasamutsa matepi onse akale a Tchanelo 8 kuti anthu azitha kuwaonera, ndipo amayenda motsatira kalendala, tsiku lomwelo ndi ola lomwelo, koma zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Pa TV pamakhala zithunzi ziwiri zofanana, china cha zapompano, china cha zakale. Pa timabokosi titatu batani lija tinalilozetsa ku zakale. Kamodzi ka a Tollefson, kena ka aphunzitsi ena opuma, kachitatu ka azakhali. Analozetsa ndine.

Ukumva, Corinne? Mutu wawo uli bwinobwino. Amalume ankaonekadi, Hilda Maki ankaonekadi. Wamisala anaona nkhondo, ife anzerufe tikuyang'ana TV ina. Ndinasangalala mpaka ndinagula keke, ndati ndikawauza m'mawa.

M'mawa uno podutsa kudoko ndinapeza anthu atadzaza, akuimba m'manja. Galimoto yamira 8:22. Nyanja yonse yakuda bii, ndipo kuchokera kukachilumba mpaka pamene panali galimoto ndi madzi okhaokha, zidutswa za ayezi zikungoyandama. Ndili poima paja ndinakumbukira kuti chaka cha matepi aja kunazizira mpaka mu Meyi. Ndinakumbukiranso nsapato zopaka mafuta zija, ndi tsiku la lero. Sindikudziwa kuti ndinayendetsa bwanji galimoto yanga mpaka kwa azakhali.

Chitseko ndinachipeza chotsegula, ndipo pagombe panali thabwa loponyedwa kale pamadzi a m'mphepete. Ndinakuwa mpaka mawu anatha, kuiwala kuti ndikuitana gonthi. Nditalowa m'nyumba ndinawapeza atakhala pampando wa pafupi ndi khomo, atavala jekete ndi nsapato za amalume, ndodo yoyesera ayezi ili pamiyendo, magalasi a amalume ali m'manja. TV inali chiyakire, ikuonetsa nyanja yoyera mbee.

Ndinagwada n'kuwakumbatira miyendo. Iwo amvekere, "Wachedwa, wapita kale. Ndipo leka kundinyowetsa."

"Munafuna kupita pa ayezi, azakhali?"

"Ndinafuna. Wandikaniza."

"Ndani?"

"Ungafunse ndani? Anatulukira 8 koloko monga mwa masiku onse, ine dzanja lili kale pachitseko. Koma lero sanapite kugalimoto. Anabwera kuno, molunjika kamera, atanyamula chithabwa chija cha chenjezo cha ozimitsa moto. Anachikweza mpaka chinadzaza TV yonse. OSALOWA PA AYEZI. M'munsi mwake anawonjezera ndi malembedwe ake aja angati papalasa nkhuku. IWENSO ARDIS, KHALA PANSI. Ndiye ndinakhala pansi. Zaka zonse za ukwati sindinamumverepo, lero ndati ndiyeseko."

Ndinawalembera papepala zonse, za matepi, za batani, kuti wolakwa ndine, kuti galimoto yamira nthawi yomwe akanakhala atafikapo. Anawerenga kawiri, n'kupinda pepalalo bwinobwino.

"Zakale, zatsopano, ine ndili moyo. Wapambana ndani?"

Wapambana ndi mkazi wa dokotala wa mano, analemba 8:30. Amalume tsiku analasa, aphonya ndi mphindi zochepa. Azakhali aseka mpaka misozi, akuti munthu uja ngakhale kumanda tsoka silinamuleke.

Ndigona konkuno lero. Kabuku ka ku Duluth ndakaona m'mbaula, theka katapsa.

Jolene

*

Halvard
23 Epulo

Msuweni,

Moni. Azakhali ali bwino, dzulo amabzala tomato m'zitini. Pafoni paja sindinakuuze zonse, chifukwa ndinali ndisanakhulupirire ndekha.

Ndinkafuna ndikujambulire chithunzi cha chithabwa chija, uchiike m'felemu. Ndinaganiza kuti amalume anachita nthabwala imeneyo chaka chimenecho, azakhali osaiona poti ankagwira ntchito kukhitchini ya pasukulu m'mawa. Ndiye Lolemba ndinatsegula tepi ya pa 19 Epulo ya chaka chija.

Amalume akutulukira 8 koloko. Akupita kugalimoto, akumenya tayala kawiri, akusuzumira wotchi, akukhala pa boneti, akumwa khofi. Ikakwana hafu akubwerera. Chithabwa palibe, ndipo kukamera sakuyang'anako ngakhale kamodzi. Ndaonera kanayi. Ndaoneranso mwezi wonse wa Epulo, tsiku ndi tsiku, mpaka maso akuwawa. Chaka chimenecho chithabwa anachiika pa 6 Meyi, ndipo anaika ndi munthu wina, dzina la azakhali palibe.

Sindinawauze, ndipo sindidzawauza. Namwino ndiwe, undiuze kuti tizitche chiyani zimenezi. Ngati ndi mutu wawo, ndiye kuti mutu womwewo ndi umene wawasunga ndi moyo. Ngati si mutu wawo, ine sindikufuna kukhala ndekha m'chipinda cha matepi chija. Ndayamba kusiya chitseko chotsegula.

Timabokosi tiwiri tija ndakonza. Kachitatu sindinakagwire, ndikudikira mawu ako. Ungodziwa kuti amalume akuoneka komaliza pa tepi ya pa 5 Meyi. Kuchoka apo pamatsala galimoto yokha mpaka kumira.

Jolene

*

Tucson
28 Epulo

Amayi,

Kalata yanu ya pa 15 inandipeza pa 21. Ndinaiwerenga nditaima pabokosi la makalata, kenako ndinakhala pansi pamsewu pomwepo. Pamene ndinkawerenga kuti mudzanyamuka Loweruka, Lowerukalo linali litadutsa kale masiku awiri. Ndipo ine ndinali nditakulemberani kuti mukayende cha kunyanja.

Ndinalakwa, Amayi. Munandiuza ngati mwana wanu, ine sindinafunse ngakhale funso limodzi. Ku Duluth ndawalembera kuti malowo apatse wina, ndipo ulendo uno adiresi ndalemba yanga.

Chimene munaona Loweruka lija sindikuchidziwa, ndipo m'mabuku anga a unamwino mulibe tsamba lake. Ndamuuza Jolene kuti kabokosiko asakagwire. Sindidikiranso Juni, ndifika Lachinayi pa 1 Meyi madzulo, mwina kalatayi isanafike n'komwe. Iye akuti bambo akhala akubwera pa TV mpaka pa 5, ndiye kuti ine ndatsala ndi masiku anayi. Inu munachedwa ndi magalasi, ine ndinachedwa ndi ndege, ndipo sindinawatsanzike nanenso.

Mudzandidzutse 8 koloko isanakwane, ngakhale mondimenya ndi chipande. Mudzathire makapu atatu.

Mwana wanu,
Corinne